Msana wovulala pa ntchito ndi pepala limene abwana akufuna kuti musaine

Wowerenga wina wa ku Lilongwe watilembera motere: "Ndine bambo wa zaka 41, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikugwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu pa kampani ina ku Kanengo. Miyezi iwiri yapitayo tikutsitsa matumba a feteleza m'lole, ndinamva ngati china chake chaduka m'chiuno. Ndinapirira mpaka kuweruka, koma m'mawa mwake ndinalephera kudzuka. Kuchipatala anandijambula nati mafupa ali bwino, komabe ululu ukutsika mpaka mwendo wamanzere, ndipo zala za kuphazi zimachita dzanzi. Abwana akuti msana ndi matenda a ukalamba, koma akuti andithandiza ndi K300,000 ngati ndisaina pepala lonena kuti nkhaniyi yatha. Ndimalandira K180,000 pa mwezi. Kodi ndili ndi ufulu wolandira chipukuta misozi, nanga pepalalo ndisaine?"

Bambo, pepalalo musasaine pakali pano. Chifukwa chachikulu si kuchepa kwa ndalamayo, ngakhale kuti mwina ndi yochepadi, koma kuti lero lino palibe munthu, kaya inuyo, kaya abwana anu, kaya dokotala amene anakuonani, amene angathe kunena kuti msana wanuwo udzathera pati. Gawo lalikulu la chipukuta misozi cha munthu wovulala pa ntchito limawerengedwa poona mphamvu zimene watsala nazo chithandizo chikatha, ndipo inu chithandizocho simunachimalize. Kusaina tsopano kuli ngati kugulitsa chimanga chikadali chachiwisi m'munda chifukwa cha njala ya mu Febuluwale: amene amapindula ndi wogula.

Lamulo limene likukhudza nkhani yanu ndi Workers' Compensation Act la chaka cha 2000, ndipo amene amaliyendetsa ndi Kamishonala woona za chipukuta misozi mu Unduna wa Zantchito, kudzera m'maofesi a zantchito a m'maboma, kumene ambiri timangoti ku leba. Mutu wa lamuloli ndi wakuti wantchito akavulala ali pa ntchito, kuvulalako n'kuchokera m'ntchito yomweyo, womulemba ntchito ayenera kulipira. Simukufunika kusonyeza kuti abwana analakwitsa kanthu, ndipo mfundo imeneyi antchito ambiri saidziwa, chifukwa tinazolowera kuti munthu amalipira akapezeka wolakwa. Ngakhale kampani itakhala kuti inachita zonse mwadongosolo, thumba la makilogalamu 50 likakuvulazani mukulitsitsa m'lole imene anakutumani kutsitsa, udindo wolipira ulipo ndithu. Zimene zingalepheretse munthu kulandira n'zochepa: kudzivulaza dala, kuvulala chifukwa cha kusamvera kwakukulu kochita dala, kapena kuvulala pang'ono kosamulepheretsa kugwira ntchito yake kwa masiku 7. Inu mwakhala miyezi iwiri mukuvutika, ndipo munali pa ntchito imene munalembedwera, choncho pa mbali imeneyi mlandu wanu ndi wowongoka.

Vuto lili poti msana suonetsa bala. Munthu amene makina amudula chala safunika kulankhula zambiri, pakuti anzake anaona magazi, kapitawo anathamanga kukafuna galimoto, ndipo chalacho palibe. Wovulala msana amayenda yekha kuchoka pa ntchito, monga munachitira inu, ndipo pakatha milungu ingapo abwana amafunsa kuti ndani angatsimikize kuti sanavulalire kumunda kapena pokweza njerwa kunyumba kwake Loweruka. Milandu ya msana imene ndaiona ikugwa, yambiri sinagwe chifukwa chakuti lamulo linakana, koma chifukwa chakuti panalibe cholembedwa chilichonse cholumikiza ululuwo ndi tsiku, malo ndi ntchito imene munthuyo ankagwira. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kumanga mlatho umenewo, ndipo muyambe ndi kabuku kanu ka kuchipatala.

Katsegulani pa tsamba la tsiku loyamba limene munapita kukaonana ndi achipatala, muone zimene analemba. Kawirikawiri pa mzere wautali wa odwala, wachipatala amangolemba mawu awiri kapena atatu onena kuti msana ukupweteka, kenako mayina a mankhwala opha ululu, n'kuitana wotsatira. Ngati ndi zokhazo zimene zilimo, kabukuko kakunena kuti munadwala, koma sikakunena kuti munavulala. Mukapitanso, fotokozani momveka bwino kuti ululu unayamba tsiku lakutilakuti, nthawi yakuti, mukunyamula thumba la feteleza ku ntchito, ndipo mupemphe mwaulemu kuti mawu amenewo alembedwe pamodzi ndi deti ndi chidindo cha chipatala. Musayese kusintha kapena kuwonjezera nokha zimene zinalembedwa kale, chifukwa kalembedwe kosiyana pa tsamba limodzi kakhoza kuwononga umboni wanu wonse.

Chachiwiri ndi kudziwitsa abwana mwa kalata. Mwina munauza kapitawo pakamwa tsiku lomwelo, koma mawu apakamwa amaiwalika msanga pamene ndalama zayamba kutchulidwa. Lembani kalata yaifupi yotchula tsiku, malo, ntchito imene munkagwira ndi mayina a anzanu amene anali nanu pa loleyo, ndipo mukhale ndi makope awiri, kuti wolandira asaine pa kope lanu. Anzanuwo muwapemphe kuti aliyense alembe zimene anaona akadakumbukira, popeza ena adzasiya ntchito, ndipo ena adzachita mantha kuchitira umboni wotsutsana ndi amene amawalipira. Lamulo likufuna kuti womulemba munthu ntchito apereke lipoti la kuvulala kwa mtundu wanuwu pasanathe masiku 21, ndiye nthawi imeneyo inapita kale. Afunseni ngati anatero. Kaya anatero kaya ayi, pitani nokha ku ofesi ya zantchito ya boma la Lilongwe mutatenga kabuku ka kuchipatala, kope la kalatayo, chitupa chanu cha unzika ndi mapepala a malipiro a miyezi yapitayi, kuti nkhani yanu ilembedwe m'kaundula ndipo akupatseni mafomu oti dokotala adzaze. Kudandaula kuli ndi malire a nthawi, choncho musalole kuti chaka chithe chivulalireni nkhani isanafike kumeneko. Malonjezo akuti tikambirana mwezi wamawa ndi amene amadya nthawiyo.

Tsopano za chithunzi chimene chinasonyeza kuti mafupa ali bwino. Abwana adzachigwiritsa ntchito ngati umboni wakuti simunavulale, koma X-ray imaonetsa mafupa okha. Pakati pa fupa lililonse la msana ndi linzake pali kachicherewecherewe kofewa kokhala ngati khushoni, kamene madokotala amakatcha disiki, ndipo munthu akanyamula cholemera atawerama n'kupotoka nthawi yomweyo, monga zimachitikira potembenuka ndi thumba kuchoka pa lole, kanthu kameneka kakhoza kung'ambika n'kutuluka pang'ono m'malo mwake. Kakatero kamapana mtsempha umene umatsikira kumwendo, ndipo n'chifukwa chake wodwala amamva ululu kuthako, kuntchafu, mpaka kuphazi, ngakhale kuti mwendowo sunavulale. Zimachitika kwambiri m'munsi mwa msana, pamalo amene m'malipoti mudzaona atalemba kuti L4-L5 kapena L5-S1. Zimene mwafotokoza, ululu wotsika mwendo umodzi ndi dzanzi ku zala, zikufanana ndi vuto limeneli, ngakhale kuti wotsimikiza ndi dokotala amene wakupimani, osati ine. Makina amene amaonetsa disiki ndi mitsempha ndi a MRI, amene m'dziko muno amapezeka m'zipatala zochepa zikuluzikulu. Pemphani kuti akutumizeni kwa akatswiri a mafupa ku Kamuzu Central Hospital, kumene kulinso chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION. Ngakhale MRI itachedwa, katswiri akhoza kupima mphamvu ya phazi, kumva kwa khungu ndi mmene mwendo ukukwezekera mutagona chagada, n'kulemba zimene wapeza, ndipo zolembazo ndi umboni wamphamvu.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira fomu ya ku leba kapena chilolezo cha abwana. Mukayamba kulephera kukodza kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, mukachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumalo obisika, kapena mwendo ukayamba kufooka mpaka phazi kumakokeka pansi, pitani kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha ikapanidwa motere kwa nthawi yaitali ikhoza kulephera kubwereranso mwakale. Komanso ngati mukuonda, mukutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi, muuze dokotala, popeza TB ya msana kuno kwathu siisowa ndipo chithandizo chake n'chosiyana kotheratu.

Mawu a abwana akuti msana ndi matenda a ukalamba ali ndi kachoonadi kake, ndipo ndi bwino mukadziwe musanakumane nako. Munthu wa zaka 41 amene wanyamula matumba zaka zisanu ndi chimodzi akajambulidwa, n'zotheka ndithu kuti pamsana pake paoneke zizindikiro za kutha, monga zimaonekera mwa anthu ambiri a msinkhu umenewo amene samva ululu uliwonse. Koma funso la lamulo si lakuti kodi msana unali watsopano. Funso ndi lakuti kodi ntchito ya tsiku limenelo ndi imene inasandutsa munthu wotha kunyamula thumba kukhala munthu wolephera kudzuka pa mphasa. Mfundo imeneyi ndi yakale m'malamulo a ku England, kumene malamulo athu ambiri a mtunduwu anachokera. Mu 1910, pa mlandu wa Clover, Clayton & Co v Hughes, wantchito amene anali kale ndi mtsempha wa magazi wotupa anamwalira mtsemphawo utaphulika akumanga nati ndi sipanala, ndipo bwalo lalikulu la House of Lords linagamula kuti imeneyo inali ngozi ya pa ntchito, ngakhale kuti munthu wathanzi sakanafa ndi ntchito yopepuka chotero. Choncho ngati munadwalapo msana m'mbuyomu, musabise kwa dokotala. Kudwalapo kale sikukuchotserani ufulu, koma bodza likadziwika limachititsa kuti zonse zimene mwanena zikayikiridwe.

Zimene muyenera kulandira zili m'magawo atatu, ndipo K300,000 ija ikufuna kuphimba onse pamodzi. Gawo loyamba ndi ndalama za chithandizo, monga kuonana ndi dokotala, kujambulidwa, mankhwala, mafizo ndi opaleshoni ngati itafunika. Zimenezi ndi udindo wa abwana malinga ngati zili zoyenerera, ndiye sungani lisiti lililonse, ngakhale la mapilitsi ogula ku famase, ndipo maulendo a minibasi opita kuchipatala muziwalemba m'kope ndi madeti ake. Gawo lachiwiri ndi malipiro a nthawi imene dokotala walemba kuti simungathe kugwira ntchito. Apa chofunika ndi kalata ya dokotala yotchula masiku opuma, ndipo ikatha muzikaitenganso ina, kuti pasakhale mlungu umene abwana angati munangojomba.

Gawo lachitatu ndi la kulumala kosatha, ndipo ndi pamene pagona ndalama zambiri. Lamulo likuti munthu amene walumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito alandire malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 54, ndipo akamwalira, amene ankadalira iye alandire kuchulukitsa ka 42. Amene walumala mbali chabe amalandira gawo la ndalama ya miyezi 54 ija molingana ndi peresenti ya kulumala kwake. Kwa inu amene mumalandira K180,000, ndalama yonse ya miyezi 54 ndi K9,720,000. Dokotala atati mwataya 10 peresenti ya mphamvu zanu, chipukuta misozi chingakhale K972,000, ndipo atati 20 peresenti, chingakhale K1,944,000. Maperesenti amenewa ndangowatchula ngati chitsanzo, sindikulosera za msana wanu, koma akusonyeza kuti K300,000 ikungopitirira pang'ono 3 peresenti, ndipo m'menemo mulibe ndalama za chipatala kapena za miyezi imene mwakhala pakhomo.

Kumapeto kwa lamuloli kuli mndandanda wa ziwalo ndi maperesenti ake, kotero kuti wotaya diso, chala kapena mkono amadziwiratu chimene chikumuyembekezera. Ululu wa msana wochokera ku disiki suyezeka mophweka chotero, ndipo peresenti yake imadalira kwambiri mmene dokotala waonera kuti kuvulalako kwachepetsa mphamvu zanu zopezera ndalama. Pa chifukwa chimenechi tsiku lokadzazitsa fomu ndi tsiku lofunika kuposa masiku ena onse pa mlandu wanu. Abambo ambiri akafunsidwa ndi dokotala kuti muli bwanji amayankha kuti ndiliko bwino pang'ono, mwa ulemu ndi mwa chizolowezi chosafuna kuoneka ofooka, ndipo yankho limenelo limalowa mu fomu. Inu mufotokoze ntchito yanu monga ilili: kuti thumba limalemera makilogalamu 50, kuti pa tsiku mumanyamula matumba angati, kuti mumakwera nalo pa thabwa lopendekeka kukaliika pamwamba pa mulu. Kenako munene zimene tsopano simungathe, monga kuwerama kuti mumange nsapato, kukhala pa mpando wa minibasi kuchokera ku Kanengo mpaka m'tauni osasuntha, kapena kugwira khasu. Kuvulala komweko kumene kwa kalaliki wa mu ofesi kuli kosautsa chabe, kwa wonyamula katundu kukhoza kukhala kutha kwa ntchito yake, ndipo dokotala sangaziganizire zimenezi ngati simunamuuze. Musakokomeze, chifukwa madokotala amazindikira, koma musachepetsenso.

Kunena chilungamo, anthu ambiri ovulala msana amapeza bwino pakatha milungu 6 mpaka miyezi itatu, makamaka akamachita mafizo ndi kuyendayenda pang'onopang'ono m'malo mongogona, ndipo ambiri safunika opaleshoni. N'zotheka kuti inunso mudzachira moti peresenti yanu idzakhala yaing'ono, ndipo zikadzatero mudzakhala mwapeza chinthu choposa ndalama. Koma n'zothekanso kuti dzanzilo lidzakhalirira. Peresenti iyenera kulembedwa pamene madokotala aona kuti msana wafika pamene sukusinthanso, ndipo ngati simukhutira ndi imene yalembedwa, lembani dandaulo kwa Kamishonala mwamsanga n'kupempha kuti katswiri wa mafupa akupimeninso.

Mwina mungadabwe kuti abwana akufulumiriranji. Lamulo la 2000 linakonza zoti pakhale thumba la ndalama limene olemba anthu ntchito azisonkhamo, koma kwa zaka zambiri chikhazikitsireni lamulolo, ndalama za wovulala zakhala zikuchokera m'thumba la abwana eniake kapena ku kampani ya inshulansi imene analembetsako. Bwana amene alibe inshulansi, kapena amene sanapereke lipoti m'nthawi yake, ali ndi chifukwa chofunira kuti nkhani ithere mu ofesi yake. Lamulo silivomereza mgwirizano umene wantchito akutaya nawo ufulu wake wa chipukuta misozi, kotero ngakhale amene anasaina kale asataye mtima, koma pepala lotere limasanduka chida cha abwana, makamaka ngati lalembedwa kuti ululuwo sunachokere ku ntchito. Kulimbana nalo pambuyo pake kumatenga nthawi yaitali kusiyana ndi kukana kulisaina lero.

Palinso njira yachiwiri imene muyenera kuidziwa, ngakhale kuti sindikunena kuti muithamangire. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito, Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, likupereka kwa abwana udindo woonetsetsa kuti ntchito ikugwiridwa mosaika antchito pa ngozi. Ngati thabwa lokwerera linali lothyoka ndipo munadandaulapo kale, ngati pansi panali poterera, kapena ngati anachepetsa anthu n'kukukakamizani kutsitsa lole yonse mothamanga, mukhoza kusumira kampaniyo kukhoti pa mlandu wa kusasamala. Kumeneko khoti limawerengeranso ululu umene mwamva ndi ndalama zimene mudzalephere kupeza m'tsogolo, zinthu zimene masamu a miyezi 54 saziona, koma muyenera kusonyeza kulakwa kwa abwana, ndipo milandu yotere imatenga nthawi. Mlandu wa kuvulala kwa thupi uyenera kuyambika pasanathe zaka zitatu, ndipo munthu salipidwa kawiri pa bala limodzi, choncho zimene munalandira kudzera ku leba zimaganiziridwa powerengera. Ngati mulibe ndalama za loya, Legal Aid Bureau ndi kumene mungayambire, ndipo ngati muli m'bungwe la antchito, nthumwi yake ikuperekezeni pa zokambirana zonse ndi abwana.

Za ntchito yanu, musasiye nokha, ngakhale atakuuzani kuti mulembe kalata yosiya kuti ndalama zanu zituluke msanga. Employment Act la 2000 likunena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito. Dokotala akalemba kuti mukhoza kugwira ntchito yopepuka, perekani kalatayo kwa abwana n'kupempha kuti akuikeni powerengera matumba, pa sikelo kapena pa geti, ndipo pempholo likhale lolembedwa. Akakuchotsani, muli ndi miyezi itatu yokadandaula kwa ofesala wa zantchito, ndipo nkhaniyo ikhoza kukafika ku bwalo la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court. Mlandu wa kuchotsedwa ntchito ndi wosiyana ndi wa chipukuta misozi, ndipo kuyenda kwa umodzi sikutseka unzake.

Ndikudziwa kuti pakhomo pamene malipiro sakulowa bwino kwa miyezi iwiri, K300,000 si ndalama yoikana mosavuta, poti lendi ndi fizi sizidikira fomu ya dokotala. Ngati mwapanikizika, auzeni abwana kuti ndalamayo mulandira ngati gawo la zimene adzakulipirani, ndipo pa lisiti palembedwe kuti ndi ndalama yoyambira pa kuvulala kwa pa ntchito kwa tsiku lakutilakuti, imene idzachotsedwe pa chipukuta misozi ofesi ya zantchito ikamaliza kuwerengera. Lisiti lotere limakuthandizani kawiri, chifukwa limaika ndalama m'manja mwanu ndiponso limakhala umboni wakuti kampani inavomereza kuti munavulalira pa ntchito. Akakana kulemba chotero, apempheni kope la pepala limene akufuna kuti musainelo, mulitenge losasainidwa pamodzi ndi kabuku kanu ka kuchipatala, mukalionetse kwa ofesala wa zantchito mlungu uno.